Mabuku anga atatu a kuchipatala

Ndili ndi mabuku atatu a kuchipatala. Loyamba linanyowa ndi mvula chakumapeto kwa 2015, masamba ake n'kumatana, ndiye ndinagula lina. Lachiwiri ndinaliponya pansi pa sutikesi mu 2016 chifukwa sindinkafuna kulionanso. Lachitatu ndinagula mu 2018 pakhomo pa chipatala, mwendo uli wotupa. Matenda anga anali olembedwa m'mabuku onse atatuwa, chidutswa umu chidutswa umo, koma kwa zaka zinayi panalibe amene anawaika pamodzi n'kuwawerenga ngati nkhani ya munthu mmodzi. Ngakhale ine mwiniwake sindinkadziwa kuti ndi nkhani imodzi, ya matenda oundanitsa magazi otchedwa APS.

Ndimaphunzitsa Sitandade 6 pasukulu ina kufupi ndi Chia kuno ku Nkhotakota. Ndinakwatiwa mu 2013. Mimba yoyamba inapita padera chaka chotsatira ili ndi masabata 8. Aliyense anati zimachitika, mukadali ana, ndipo mwina ndi malungo. Kuno kunyanja malungo ndiye amasenza mlandu wa chilichonse, ndipo nthawi zambiri amakhaladi olakwa, choncho palibe amene anafunsa zambiri. Yachiwiri inachoka mu 2015 pa masabata 9, ndikugona muneti tsiku lililonse, malungo ndilibe.

Apo ndi pamene panabuka nkhani imene inatsala pang'ono kutithetsera banja. Pakachipatala kena kolipira anandiyeza magazi n'kundiuza kuti ali ndi chindoko. M'buku loyamba lija analembamo zilembo zinayi, VDRL, ndi kamtanda pambali pake. Abambo akunyumba atayezedwa sanawapeze nacho. Tangoganizani mmene tinayendera kuchokera pamenepo kukafika pa siteji. Iwo ankadziwa kuti sanayende, ine ndinkadziwa kuti sindinayende, koma pepala linkaloza ine. Tonse tinabayidwa jakisoni, ankhoswe anakhala pansi kawiri, ndipo ngakhale nkhani inatha pakamwa, m'nyumba munakhala chisanu miyezi yambiri.

Mimba yachitatu inakhala. Ndinadutsa miyezi itatu, inayi, isanu, mpaka ndinayamba kugula matewera mobisa. Pa miyezi 7 mapazi ndi nkhope zinatupa, mutu unkandipweteka usana ndi usiku, ndipo kusikelo anati magazi akuthamanga kwambiri. Tsiku lina Lamlungu mwana anasiya kusewera. Ndinamwa madzi ozizira, ndinagona chammbali, ndinadikira mpaka kunacha. Anabadwa atamwalira kale. Inu akuno mukudziwa mwambo wa mtayo: anakamuika amayi achikulire okhaokha, m'mamawa, popanda nyimbo, ndipo ine anandiuza kuti ndisalire mokweza. Namwino amene anandichiritsa analemba mzere umodzi m'buku lachiwiri, woti nsengwa inali yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi miyezi ya mimba, mwananso anali wochepa. Mzere umenewo ndinauwerenga patapita zaka ziwiri.

Zimene zinatsatira amayi ambiri amazidziwa. Apongozi ananditengera kwa munthu wa zitsamba kupitirira Dwangwa, anandimanga mkuzi m'chiuno, ananditema mphini. Akwathu ankanong'ona za mapinga, kuti mwina abambo akuyenda kunja. Akuchimuna ankakumbutsana za chindoko chija. Sindiwasungira mangawa apongozi anga. Ankafuna mdzukulu, ankafunanso kuti ine ndisiye kuvutika, ndipo anandipatsa chimene ankachidziwa. Chimene chinkandibaya kwambiri chinali chaching'ono: anzanga onse kumvano ankaitanidwa amake a uje, amake a uje, ine ndekha ndinali "aphunzitsi".

Anandilangiza kuti ndipumitse thupi, ndiye kumayambiriro kwa 2018 ndinayamba kumwa mapiritsi olera, aja a tsiku ndi tsiku. Patatha miyezi itatu katumba wa mwendo wakumanzere anayamba kupweteka ngati ndakokana. Kutacha mwendo unali utatupa kuyambira pabondo kutsika, wotentha, wonyezimira, nsapato osalowa. Winawo unali bwinobwino. Anthu anati ndaponda mankhwala panjira ya kusukulu. Anandithowa ndi madzi otentha, anandisisita mwamphamvu madzulo aliwonse, ndipo komwe ndinapita koyamba anandipatsa brufen. Lero ndikudziwa kuti mwendo wotere susisitidwa. Tsiku lachisanu ndikulemba pabolodi ndinangomva ngati wina wandilasa m'nthiti, mpweya n'kuchepa, ndipo nditatsokomola ndinaona timagazi pampango. Kuchipatala anayamba aganizira TB, makhololo sanaonetse kanthu, kenako ananditumiza ku Lilongwe pa ambulansi, kudzera ku Salima, ulendo wa makilomita pafupifupi 200 umene sindiukumbukira bwino.

Kumeneko anapeza kuti magazi anaundana mumtsempha wa mkati mwa mwendo, chibuluma china n'kuthothoka, kuyenda ndi magazi mpaka kukatseka mtsempha wa m'mapapo. Zimenezi zimatha kupha munthu pa mphindi zochepa. Ndinayamba kulandira jakisoni woletsa magazi kuundana. Tsiku lachitatu kunabwera dokotala wina wamkazi, wachitsikana ndithu, amene anakhala pamphepete pa bedi n'kundifunsa funso limene silinkaoneka ngati likukhudza mwendo.

"Mayi, munakhalapo ndi pakati?"

"Katatu."

"Ana alipo angati?"

Sindinayankhe. Anayankha ndi achemwali anga, amene ankandidikirira. Iwo ndi munthu wosataya pepala, ndipo pochoka kunyumba anapakira chilichonse chimene anachipeza m'sutikesi. Anasolola jumbo pansi pa bedi n'kutulutsa mabuku awiri akale aja. Dokotalayo anawayala pabulangete limodzi ndi lachitatu, anamatula mosamala masamba onyowa aja, ndipo anawerenga nthawi yaitali osayankhula. Kenako anayamba kuloza ndi cholembera: mimba ziwiri zochoka msanga, VDRL ya mkazi yekha mwamuna alibe, kuthamanga kwa magazi pa miyezi 7, nsengwa yaing'ono, mwana womwalira m'mimba, ndiye tsopano magazi oundana mwa mayi wa zaka 29 atangoyamba mapiritsi olera. Anati, "Ndikuganiza kuti zonsezi ndi chinthu chimodzi. Tiyeze."

Dzina lake ndi antiphospholipid syndrome, mwachidule APS. Ena amati matenda a Hughes, potengera dokotala wa ku London, Graham Hughes, amene anawafotokoza bwino mu 1983. M'Chichewa alibe dzina, ndipo ndikuona kuti kusowa dzinako ndi mbali ya vutoli, chifukwa chinthu chopanda dzina chimabwereka maina a zinthu zina: ufiti, mapinga, tsoka, chiberekero chofooka.

Ndifotokoze mmene ndinamvera ine. Thupi lili ndi asilikali amene ntchito yawo ndi kugwira tizilombo tolowa kuchokera kunja. Mwa anthu ena asilikaliwa amasokonezeka n'kuyamba kugwira zinthu za thupi lomwelo. Pa APS amakakamira pa mapuloteni ena a m'magazi amene amakhala pa timafuta tokuta maselo, ndipo zotsatira zake magazi amafulumira kuundana pamalo pamene palibe bala. Akaundana m'mwendo, mwendo umatupa. Akafika m'mapapo, munthu amabanika. Akaundana mu ubongo, ndi sitiroko, ngakhale kwa mnyamata wa zaka 30 amene alibe shuga kapena vuto la kuthamanga kwa magazi. Kwa mayi woyembekezera, asilikali omwewa amavulaza nsengwa, imene ndi njira yokhayo yomwe mwana amadyera ndi kupumira. Mimba imachoka msanga, kapena mwana amakula mopinimbira, kapena mayi magazi amamuthamanga, kapena mwana amafera m'mimba. Ku England ena amangoti magazi omata, koma musamve ngati magaziwo ndi olimba ngati phala loti mungalisungunule pomwa madzi ambiri. Mukawaona m'botolo ndi magazi ngati a wina aliyense. Matendawa sapatsirana, sabwera chifukwa cha chigololo, ndipo amagwiranso amuna, kungoti amayi ndiwo ambiri. Ena amakhala nawo limodzi ndi lupus, matenda enanso amene asilikali amalimbana ndi thupi lomwelo, ena ngati ine amakhala ndi APS yokha.

Za chindoko zija anandimasulira tsiku lomwelo. Kuyeza kwa VDRL, ndi kwina kofanana nako kotchedwa RPR, sikuyang'ana kachilombo ka chindoko kenikeniko. Kumayang'ana asilikali amene amagwira mafuta otchedwa cardiolipin, amene akatswiri anayamba kuwapatula kuchokera mumtima wa ng'ombe m'zaka za m'ma 1940. Munthu wa chindoko amakhala ndi asilikali oterewa, koma munthu wa APS amathanso kukhala nawo asanadwalepo chindoko. Pali kuyeza kwina, monga TPHA, kumene kumayang'ana za kachilomboko mwachindunji. Anandiyeza kumeneko ndipo sanapeze kanthu. Abambo atabwera Loweruka, dokotala anawafotokozera yekha. Anakhala chete, kenako anatuluka panja, ndipo atabwerako maso anali ofiira. Pano ndisamveke molakwa: chindoko chilipo, chimapha ana m'mimba, ndipo akakupezani nacho kusikelo bayitsani jakisoni nonse awiri osazengereza. Ndikungoti ngati mimba zikupitirira kuchoka, chizindikiro chimenecho chisaiwalike m'buku lakale.

Kutsimikiza APS kumafuna kuleza mtima ndi ndalama. Amayeza asilikali a mitundu itatu: lupus anticoagulant, anticardiolipin ndi anti-beta-2 glycoprotein I. Lembani mainawa penapake, chifukwa ndi amene mungaonetse dokotala. Akapezeka kamodzi sikokwanira. Amayezanso pakatha masabata osachepera 12, chifukwa matenda ena monga malungo, HIV ndi chindoko chimene amatha kudzutsa asilikali oterewa kwa kanthawi kenako n'kuzimirira. Kwa ife a m'mbali mwa nyanja, amene malungo ndi mlendo wa chaka chilichonse, lamulo la masabata 12 limeneli ndi lofunika zedi. Komanso mankhwala oletsa kuundana amasokoneza kuyeza kwa lupus anticoagulant, ndiye kwa ine anadalira mitundu iwiri inayo. Magazi anga anatengedwa kulabotale yolipira, ndipo ndalama yake maulendo awiriwo inaposa malipiro anga a mwezi. Ndinakongola kubanki m'khonde. Maulendo onse awiri asilikaliwo anapezeka, ochuluka.

Apa ndi pamene mtima umandiwawa. Ine ndili pantchito ya boma, ndili ndi achemwali osunga mapepala, ndipo ndinakumana ndi dokotala amene anali ndi mphindi khumi zofunsa. Mayi wogulitsa usipa pa Chia amene wataya mimba zinayi amayambira pati? Kusikelo mzere umakhala wautali, namwino mmodzi amayi ambirimbiri, ndipo buku likakhala latsopano mbiri yonse imangokhala nambala ziwiri pamwamba pa tsamba. Sindikuloza chala anamwino, ndawaona mmene amagwirira ntchito. Koma mabuku a zachipatala amanena momveka amene ayenera kuganiziridwa: mayi amene mimba zitatu zachoka motsatizana zisanakwane masabata 10; amene mwana wafera m'mimba kuyambira masabata 10 kupita m'tsogolo, ngakhale kamodzi kokha, popanda chifukwa china chodziwika; amene wachira masabata 34 asanakwane chifukwa cha kuthamanga kwambiri kwa magazi kapena kufooka kwa nsengwa; ndi aliyense, mwamuna kapena mkazi, amene magazi amuundana kapena wachita sitiroko akadali wamng'ono. Ine ndinalowa m'gulu limeneli mu 2016. Ndikanayezedwa nthawi imeneyo, palibe akanandipatsa mapiritsi olera okhala ndi mchere wa m'thupi (hormone) wotchedwa estrogen, amene kwa munthu wa APS amawonjezera kwambiri ngozi ya kuundana kwa magazi.

Si mimba iliyonse yopita padera imene ili APS, ndipo sindikufuna kuopseza mtsikana amene zamuchitikira kamodzi. Zambiri zochoka msanga zimachoka chifukwa mbewuyo sinaumbike bwino pachiyambi, ndipo yotsatira imakhala. Koma mwa amayi amene zimawachitikira mobwerezabwereza, pafupifupi 15 mwa 100 alionse amapezeka ndi asilikali amenewa, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zochepa zimene zili ndi mankhwala. Pali zizindikiro zinanso zimene ena amakhala nazo: mutu waching'alang'ala, kuchepa kwa timaselo ta m'magazi totchedwa platelets, ndi mizere pakhungu yolukana ngati ukonde, makamaka m'ntchafu ndi m'mawondo. Mizereyi pakhungu lathu lakuda sioneka msanga. Yanga ndinaizindikira dokotala atandionetsa pawindo, powala.

Chichokereni ku Lilongwe ndimamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, madzulo alionse, ndipo ndidzamwa moyo wanga wonse. Mlamu wanga atamva dzinali anadzidzimuka, amvekere ndi mankhwala a makoswe. Sananame. Anayamba kugulitsidwa ku America mu 1948 ngati ophera makoswe, ndipo mu 1954 anavomerezedwa kuti anthu azimwa pa mlingo woyezedwa bwino. Mlingowo ndiye nkhani yonse. Akachepa magazi amaundana, akachuluka umatuluka magazi m'kamwa, m'mphuno, mumkodzo, ngakhale mkati mosaoneka. Ndiye pamakhala kuyezetsa magazi kotchedwa INR, koona ngati mlingowo uli bwino, ndipo yanga imayenera kukhala pakati pa 2 ndi 3. Poyamba ndinkayezetsa sabata iliyonse, pano kamodzi pamwezi, ndipo ulendo wake umandidyera tsiku lathunthu ndi ndalama ya minibasi. Paulendo wautali ndimapempha mpando woti nditambasule miyendo, ndipo tikaima pa Salima ndimatsika n'kuyendayenda.

Chimene palibe anandichenjeza mokwanira ndi ndiwo. Masamba obiriwira ali ndi vitamini K, amene amachepetsa mphamvu ya warfarin. Chaka choyamba INR yanga inali bwino chilimwe chonse, tikudya usipa ndi nyemba. Mvula itagwa, Januwale, pakhomo panadzaza nkhwani, bonongwe, chisoso, ndi chigwada chimene ife akuno sitichisiya pa kondoole, ndipo INR inatsika kufika pa 1.5. Yankho silinali kusiya masamba ayi. Anandiuza kuti ndizidya mofanana sabata ndi sabata, osati mbale yodzaza lero kenako sabata yathunthu osalawa, ndipo nyengo ikasintha ndiziyezetsa msanga. Mankhwala ena nawonso ndi oopsa kuphatikiza. Bactrim ndi Flagyl amakweza mphamvu ya warfarin, mankhwala a TB amaitsitsa kwambiri, brufen ndi diclofenac amawonjezera ngozi yotaya magazi m'mimba. Mutu ukandipweteka ndimamwa panado basi. Zitsamba ndinasiyiratu, chifukwa palibe angandiuze zimene zili m'botolomo, ndipo mphini kwa munthu womwa warfarin ndi bala losafuna kuuma. Kulikonse kumene ndapita, ngakhale kukachotsa dzino, mawu anga oyamba amakhala oti ndimamwa warfarin. Zakulera tinakambirana ndi dokotala ndipo ndinaikitsa lupu.

Mu 2020 tinaganiza zoyesanso. Ndinali ndi mantha oti sindingathe kuwalemba. Warfarin amavulaza mwana m'mimba, makamaka kuyambira sabata ya 6 mpaka ya 12, ndiye tinapangana ndi dokotala tisanachotse lupu: tsiku limene ndadumpha kusamba ndiyeze, ndipo zikaonetsa kuti ndili ndi pakati ndisiye warfarin n'kuyamba jakisoni wa heparin, amenenso amaletsa magazi kuundana, tsiku lomwelo, pamodzi ndi aspirin wamng'ono wa 75 mg. Heparin sadutsa pa nsengwa kukafika kwa mwana. Dokotala anandiuza za kafukufuku wa ku London wa mu 1997, wa amayi 90 a APS amene mimba zinkangochoka: mwa omwe analandira aspirin yekha, 42 pa 100 alionse anabereka ana amoyo, pamene mwa omwe analandira aspirin ndi heparin anali 71 pa 100. Nambala imeneyo ndinailemba kuseri kwa buku lachitatu ndipo ndinkaiyang'ana usiku tulo tikasowa.

Ndinkadzibaya ndekha pakhungu la pamimba, tsiku lililonse, mbali iyi lero mbali inayo mawa, mpaka mimba yonse inadzaza mabala akuda a mikwingwirima. Masiku amene dzanja linkanjenjemera ankandibaya abambo. Jakisoniyo sankapezeka nthawi zonse, ndipo kawiri tinachita kugula kufamase ku Lilongwe, titagulitsa matumba a mpunga amene tinasungira chakudya. Apongozi, omwe aja a mkuzi, ndi amene ankandikumbutsa nthawi. Dzuwa likangopendeka ankaima pakhomo: "Amayi, mwabaya?" Miyezi iwiri yomaliza ndinakakhala kwa achibale ku Lilongwe kuti ndiziunikidwa pafupipafupi, aone ngati mwana akukula ndiponso ngati magazi sakuthamanga. Anandiyambitsa matenda pa masabata 37. Mwana wamkazi, makilogalamu 2.4, analira asanamalize n'komwe kumupukuta. Masabata 6 oyamba mayi atachira ndi nthawi imene magazi amaundana mosavuta kwambiri, ndiye jakisoni sanaime pomwepo; ndinapitiriza mpaka warfarin atagwiranso bwino m'thupi. Ndinayamwitsa mwanayo ndikumwa warfarin, ndipo ndi zololedwa.

Chonde, wina asawerenge izi n'kuthamangira kugolosale kukagula aspirin kuti amange mimba. Aspirin wa mutu uja ndi wa 300 mg, kuchulukitsa kanayi mlingo umene ndinkamwa ine, ndipo mayi amene vuto lake ndi lina akhoza kungodzivulaza. Chimene ndikupempha ndi chotsika mtengo kuposa pamenepo. Musataye buku lakale, ngakhale lonyowa, ngakhale lili ndi tsamba limene simufuna kuliona. Mukapita kusikelo kapena kwa dokotala, nenani mimba zonse, ndi zimene sizinaoneke pamaso pa anthu zomwe, ndi miyezi imene iliyonse inafika. Mwambo umatiuza kuti za mtayo sitikamba, koma m'chipinda cha dokotala kambani. Mwendo umodzi ukatupa n'kumatentha, musausisite, pitani tsiku lomwelo, ndipo mpweya ukayamba kuchepa musadikire kuti kuche. Inunso a zaumoyo amene mukuwerenga, funso la dokotala uja linali la mawu atatu okha.

Mwezi watha, titaweruka kumvano, mayi wina wachitsikana anatsalira n'kumandithandiza kupinda nsalu za paguwa, ntchito imene si yake. Titatsala awiri anandifunsa motsitsa mawu ngati n'zoona kuti ndinkadzibaya jakisoni pamimba. Iye zachoka zitatu, yomaliza pa miyezi 5, ndipo akuchimuna ayamba kukamba zoti mwamuna apeze wina. Ndinamuuza kuti akafufuze mabuku ake. Anapeza awiri; lina linadyedwa ndi chiswe. Tinakhala pakhonde pathu ndi kope la ana asukulu, iye akukumbukira, ine ndikulemba: chaka, mwezi, miyezi ya mimba, zimene anamva m'thupi, zimene anamuuza. Pansi pake ndinalemba maina atatu a zoyeza aja m'zilembo zikuluzikulu. Tsiku langa la INR ndi Lachinayi likubwerali, ndipo mwamuna wake wavomera kuti tipitire limodzi. Tapangana kukumana pamsewu 5 koloko m'mawa, minibasi yoyamba isanadzaze.